Za M'kati mwa Wailesi Adziwa Ndi Wokonza

Acinyamata anzanga, ambiri a ife ku Petauke ndi ku Nyimba timakonda kumasula mawailesi ndi mafoni, ndipo ena tayamba kupezerapo ndalama pamsika. Luso limeneli ndi labwino. William Kamkwamba wa ku Kasungu, m'dziko la Malawi, anayamba ndi kukonza mawailesi, ndipo mu 2002 anapanga makina oyendera mphepo opatsa magetsi pakhomo pao.

Koma taganizani. Agogo abwera ndi wailesi yosalankhula. Mutsegula, mupeza kuti kawaya kamodzi kokha ndiko kaduka, nchito ya mphindi zisanu. Kodi muwauza zoona, kapena munena kuti sipika yapsa kuti alipire zambiri?

Ena amati, "Ine ndigulitsa nzeru, osati mphindi." Ndi zoona, wopeza vuto ayenera kulandira malipiro ace. Chulani mtengo wanu poyera, agogo asankhe okha. Koma kunamizira sipika yabwinobwino si kugulitsa nzeru ai, ndi kuba. Agogo saona za m'kati mwa wailesi, adalira maso anu. Munthu akakhala wosavuta kumunamiza, m'pamene udindo wanu womuuza zoona ukula.

Kambiranani m'magulu anu: mukadakhala inu, mukadawauza ciani agogowo?