Kodi tithyole loko kapena tidikire?

Kiyi ndi kachitsulo kochepa, koma akasowa munthu amasanduka mlendo pakhomo pake pomwe. Kuno kwa Kachindamoto sizachilendo: wina wamugwetsera mumchenga pogula usipa kunyanja, wina mwana wapita naye kumsika wa Golomoti. Mdima wagwa, udzudzu wayamba kulira, mwala uli pafupi. Tithyole kapena tidikire?

Ngati m'nyumbamo muli khanda, wodwala kapena mbaula yoyaka, palibe chofunsa: tithyole. Chimodzimodzi galimoto ikadzitseka mwana ali m'kati, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo ku Mtakataka. Tiswe galasi lomwe lili kutali ndi mwanayo. Maulama anaika kuteteza moyo patsogolo pa kuteteza chuma.

Popanda ngozi yotere, kuthyola loko wako si tchimo, komabe tisachite tokha mumdima. Munthu wokhoma loko ndi mwala usiku safanana ndi mwini nyumba, ndipo tonse tikudziwa chimene khamu limachita likamva mfuu ya wakuba. Tidzutse mnansi aunikire, akhale mboni. Nyumba ikakhala ya lendi, loko angakhale wathu koma chitseko ndi cha eni, ayambe amva. Kugona tsiku limodzi kwa mnansi, kalipentala n'kudzamasula bwinobwino m'mawa, sikunachotsepo ulemu wa munthu.

Chovuta chenicheni n'chakuti ambiri a ife tilibe amene tinamusungitsa kiyi wapadera. Surat An-Nur, ndime 61, potchula nyumba zimene munthu angadyemo mopanda mlandu, imawerengera ndi zija zimene akusunga makiyi ake. Qur'an ikudziwa mudzi umene anthu amasungitsana makiyi. M'chaka cha 630, Makka itagonja, Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anabwezera kiyi wa Ka'aba kwa Uthman bin Talha, ngakhale anali ndi mphamvu zomupereka kwa wina aliyense. Mpaka lero amasungidwa ndi fuko lomwelo la Banu Shayba. Kiyi ndi amana. Ife timaonjezera kukula kwa maloko chaka ndi chaka, pomwe chiwerengero cha owakhulupirira chikuchepa.

Koma pali kutsekeredwa kunja kwina kumene kiyi sanasowe ayi. Bambo wamwalira ku Joni kapena panyanja, sadaka ya arubaini isanachitike achibale akhoma loko watsopano, mayi wamasiye ndi ana ali pakhonde ndi kachikwama. Apa mlandu suli pa woganiza zothyola, uli pa wotsekayo. Edda ya wamasiye, miyezi inayi ndi masiku khumi, malo ake ndi nyumba imene ankakhala ndi mwamuna wake. Surat An-Nisa, ndime 12, imamupatsa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a chuma ngati malemu anasiya ana, kapena limodzi mwa anayi ngati sanasiye. Nalo lamulo la dziko lino la chuma cha masiye, la 2011, limati kulanda chumachi ndi mlandu. Wokhoma lokoyo walakwira Shariya ndi boma pa chitseko chimodzi, ngakhale atakhala wa safu yoyamba pa Jumu'a.

Kodi ndiye mayiyo athyole? Ufulu ali nawo, koma sitingamulangize kutero yekha, poti omutsekera sachedwa kunena kuti waba katundu. Lokoyo achotsedwe masana, pamaso pa anyakwawa ndi ashehe; achibale akakanika, nkhani ipite kupolisi ndi kwa majisitireti. Izi zimatenga masiku, ndipo ana sangagone pakhonde podikira bwalo. Usiku woyambawo mphasa ndi nsima ziyenera kuchokera kwa ife a nyumba yoyandikana, ndipo m'mawa mwake wina mwa ife amuperekeze kwa anyakwawa.