Mateyu ndi Nsato ya Amalume Ake

Padangokhala mnyamata wina dzina lake Mateyu, amene ankakhala ndi agogo ake aNangozo m'mudzi wina patsinde pa phiri la Domwe. Dziko limeneli ndi lokwera, phiri lenilenilo limapitirira mamita 2,000, ndipo mwezi wa Juni ukafika madzi a pachitsime amaluma mano. Mbatata ya kachewere imakondwa nayo nyengo imeneyi, koma anthu amagona atapinda mawondo.

M'nyengo yoteroyo amalume ake a Mateyu anatulukira kuchokera ku Johannesburg, kumene ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mbalame, nsomba ndi njoka zoweta. Pakati pa katundu wawo panali bokosi lagalasi, ndipo m'bokosimo, pansi pa phale, munagona kansato kamawangamawanga kotalika ngati mkono wa munthu. Ana anabalalika, amayi anakuwa, koma Mateyu anasendera pafupi.

"Usaope mphwanga, ilibe ululu," anatero amalume. "Si nsato yathu ija yomeza mbuzi. Iyi kwawo ndi ku Ghana, ku Togo ndi ku Benin, ndipo ikakula kwambiri imangofika mita imodzi ndi theka. Azungu amaitcha ball python, chifukwa ikachita mantha imabisa mutu n'kudzikulunga."

Anaikhudza pang'ono, ndipo inadzipindadi. ANangozo atasuzumira anati, "Imeneyi ndi nkhata yosenzera mtsuko." Kuyambira tsikulo dzina lake linakhala Nkhata.

Patangopita masiku awiri amalume ananyamuka kupita ku Tete kukakonzetsa mapepala awo a ulendo. Anali ndi kamphasa kamagetsi kofunditsira bokosi, koma m'nyumbamo munalibe magetsi, choncho kamphasako kanangogona m'chikwama. Galimoto ya ku Ulongwe inali italiza kale hutala pamsewu pamene anapatsa Mateyu kachipangizo koyezera kutentha n'kunena mawu awiri okha: "Isazizidwe, wamva?" Apa amalume analakwa, ndipo tisawabisire. Nyama ya dziko lotentha saisiya m'manja mwa mwana, m'mwezi wa chisanu, ndi malangizo oduka pakati.

Usiku woyamba Mateyu anaika bokosi pafupi ndi mphasa yake. Kutacha anapeza Nkhata itazizira ngati mpini wa khasu wogona panja. Anakakumba mbewa yonenepa kumunda, koma njokayo sinaiyang'ane n'komwe. Njoka ilibe moto wa m'thupi ngati ife. Imabwereka kutentha kwa malo amene yagonapo, ndipo ikazizidwa m'mimba mwake simugaya chakudya. Mateyu sanadziwe zimenezi, koma mtima unamupweteka, ndipo analumbira kuti mlendo wake sadzamvanso tsemwe.

Madzulo anasonkha makala pambaula, n'kukhazika bokosi pa njerwa pamwamba pake. Analifunditsa bulangete lake lomwe, iye n'kugona ndi chitenje. Anatenga nyale ya sola imene ankawerengera n'kuiika m'kati kuti iziyaka usiku wonse, poganiza kuti kuwala ndi mbale wake wa dzuwa. Phale lija analichotsa, ati likutchinga kutentha, komanso kuti azimuona bwino mnzakeyo. Chitseko anatseka, zenera anatsekera nsanza.

Nkhata inayamba kuyendayenda. Inkakwera galasi, kugwa, kukankha chivundikiro ndi mphuno, kuzungulira ngodya zonse zinayi. Mateyu anaomba m'manja. "Agogo, yachira! Ikuvina!"

ANangozo sanalowe m'chipindamo usiku umenewo, ndiponso usiku wotsatira. Tsiku lachitatu anaona kuti dzuwa lakwera mdzukulu wawo asanatuluke. Atakankha chitseko anakumana ndi mpweya wolemera wa makala, Mateyu ali gone, mutu ukumuwaza. Anamukokera panja, n'kutsegula zonse kuti mphepo ilowe.

"Iwe mwana, mbaula salowa nayo m'nyumba yotseka! Makala amapha mwakachetechete, anthu amangowapeza m'mawa."

Kenako ananyamula njokayo ndi manja awo. Sankaiopa, pakuti anakula akumva kwa akuluakulu kuti nsato saipha mwachisawawa, ndi kuti ku kachisi wa Makewana ku Msinja, tsidya la Malawi, ankailemekeza ngati mthenga wa mizimu. Ataitembenuza anapeza kumimba kwafiira, mamba ena atatukusira. Njoka siithawa msanga chinthu chootcha monga mmene dzanja limathawira mphika. Imatha kugona pamalo otentha mpaka kupsa. Ndipotu Nkhata ikanathawira kuti, pansi ponse pali moto?

Mateyu analira. "Agogo, ine ndimaikonda. Ndinaipatsa bulangete langa."

"Ndikudziwa, mdzukulu wanga. Pukuta misozi, tiye kuseri."

Kuseri kwa nkhokwe kunali thadzi ndi anapiye ake asanu ndi awiri. Anakhala pansi n'kumayang'ana. Kamwanapiye kena kanalowa m'mapiko, kena kanatuluka kukatola madeya, kena kanangotulutsa mutu.

"Make akuwamanga?" anafunsa aNangozo.

"Ayi."

"Akamva kuzizira akulowa, akafundidwa akutuluka. Tsono tamvera. Chaka cha 1986, nkhondo itavuta kuno, tinathawira ku Malawi n'kukakhala kwa abale ku chigwa cha Bwanje. Kumeneko kumatentha, nsato ziliko. Ndinaiona ina yaikazi imene inaikira mazira kuuna pafupi ndi chulu. M'mawa uliwonse inkatuluka n'kudzitambasula pakhomo pa unawo, thupi lonse bii, ngati yadzola mwaye. Ikaotha mokwanira inkabwerera mumdima kukakulunga mazira ake. Sindinaionepo itagona padzuwa tsiku lonse. Moto inkakautapa ngati madzi, n'kupita nawo kumthunzi."

Zimene anaona aNangozo si nkhambakamwa. Katswiri wina wa njoka pa yunivesite ya Witwatersrand, Graham Alexander, anafalitsa mu 2018 zimene anapeza atatsata nsato za kumwera kwa Africa zaka zingapo: yaikazi ikaikira imada khungu, imaotha mpaka thupi kuyandikira madigiri 40, n'kubwerera kukafunditsa mazira.

"Iwe unaipatsa dzuwa koma unailanda mthunzi," anapitiriza agogowo. "Unailanda usiku, unailanda pobisala. Kuvina kuja inkafuna khomo."

Masana anakwera pachitunda pamene foni imagwira bwino n'kuimbira amalume. Atamva, amalume anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Amayi, mlandu ndi wanga." Ndipo anayamba kunena zimene akanayenera kunena tsiku lija. Bokosi likhale ndi mbali ziwiri: yofunda, ya madigiri 31 kapena 32, ndi yozizirira, ya madigiri 25 kapena 26. Usiku kusatsike kwambiri pansi pa 24. Mbali iliyonse ikhale ndi pobisala pake, kuti njoka isasankhe pakati pa kufunda ndi kubisala, chifukwa kwawo imaswera m'mauna ndi m'zulu, n'kumatuluka kukada. Kuwala kukhale maola 12, mdima maola 12, ndipo kuwala kwa pazenera n'kokwanira, bola dzuwa lisalase galasi, poti bokosi lagalasi padzuwa limasanduka uvuni. Mbale ya madzi isaume. Chilichonse chotentha chisakhudze thupi lake. Ndipo asayeze ndi dzanja, ayeze ndi kachipangizo kaja.

Anachita zomwezo ndi zimene anali nazo. Mbaula inatsala panja. Ankaotcha njerwa kukhitchini, kuikulunga m'chiguduli, n'kuigunditsa kunja kwa galasi mbali imodzi yokha. Pansi anayala mapepala oyera kuti bala lisalowe dothi, ndipo aNangozo ankalitsuka ndi madzi owiritsa ozizira. Anaswa mphika wakale n'kupeza mapale awiri, lina uku, lina uko. Nyale inabwerera pa mabuku a sukulu.

Koma njerwa imazizira. Mateyu ankadzuka katatu usiku uliwonse, pakati pa usiku, tambala woyamba, ndi mbandakucha, kukasintha njerwa ndi kuwerenga manambala. Masiku a mphepo ya mwera manambalawo ankakana kukwera, ngakhale asinthe kanayi. M'kalasi ankasinza. Komabe anayamba kuona chinthu chimene kale sankachiona: madzulo Nkhata inkagona kuphale la kunjerwa, pakapita nthawi n'kusamukira kuphale linalo, popanda woiuza. Masiku ambiri sankaiona n'komwe, ankangoona kansonga ka mchira. Poyamba zinkamuwawa kuti mnzake akumubisalira, koma anazolowera kuisiya. Sabata yachitatu inagwira mbewa n'kumeza.

Amalume atabwera anapeza mphwawo ataonda, maso ali psuu. Anayang'ana mapale awiri aja ndi njerwa, n'kugwedeza mutu.

"Wagwira ntchito, mphwanga. Ukafuna ndikusiyira, ikhale yako. Njoka zimenezi zimakhala zaka 20, zina mpaka 30."

Mateyu anayang'ana bokosi nthawi yaitali. Ankaifuna ndi mtima wake wonse. Koma anakumbukira usiku wa mwera, manambala akukana kukwera, ndipo anawerenga m'mutu miyezi ya Juni ndi Julayi ya zaka 20.

"Amalume, itengeni. Kuno kwathu sikwawo. Ipite kumene kamphasa kaja kamayaka usiku wonse, ndipo mukaipezere dokotala wa ziweto aione balalo."

ANangozo sananene kanthu, anangomuika dzanja paphewa.

Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, Nkhata inafundula. Khungu lakale linatsala litakola paphale, ndipo Mateyu analipinda bwinobwino n'kulisunga m'buku lake. Khungu latsopano linali lowala ngati lodzola mafuta, koma kumimba, pamene panagunda galasi la pambaula, chipsera chinatsala, ndipo Nkhata inapita nacho ku Johannesburg.