Billiat akanakhalapo

Pakhomo pathu ku Chakari pali mkangano umene sunathe mpaka lero. Unayamba madzulo a pa 14 Januwale 2022, tsiku limene Flames ya Malawi inakumana ndi Warriors ya Zimbabwe ku Bafoussam m'dziko la Cameroon, pa mpikisano wa Africa Cup of Nations. Kwa anthu ena anali masewera wamba a m'gulu B. Kwa ife a m'komboni ya mgodi wa Dalny, amene agogo athu anachoka ku Nyasaland kudzakumba golide koma ife tinabadwira konkuno, zinali ngati kuona bambo ndi mayi akulimbana pabwalo. Mtima umasowa pokhala.

Ishmael Wadi anagoletsa ndi mutu, Zimbabwe n'kutsogola. Gabadinho Mhango anabweza asanapite kopuma, ndipo atabwerako anamwetsanso china. Masewera anatha 2-1, Warriors n'kutuluka mumpikisano. Malume anga, amene amalankhula Chichewa m'nyumba koma pa mpira ndi Mzimbabwe weniweni, anadzuka pampando n'kunena kuti: "Mphwanga, Billiat akanakhalapo, bwenzi zonsezi kulibe." Khama Billiat anali atalengeza mu Novembala 2021 kuti wasiya kusewerera timu ya dziko. Ine ndinawatsutsa, iwo anandiuza kuti mpira sindiudziwa, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikudzifunsa ngati mawu ngati amenewa angakhale oona kapena onama, ndiponso kuti munthu angadziwe bwanji.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti malume ali ndi mfundo, ndipo umboni wake uli mbali ya adani awo a tsiku lija. Pa masewera oyamba, pa 10 Januwale, Malawi inasewera ndi Guinea popanda Mhango, chifukwa iye ndi anzake angapo anapezeka ndi Covid-19. Flames inapeza mipata koma inagonja 1-0. Patangopita masiku anayi munthuyo anabwerera n'kumwetsa zigoli ziwiri. Pa 25 Januwale anaponya mpira wa patali uja umene unadutsa pamutu pa goloboyi wa Morocco, ngakhale kuti Malawi inagonjabe 2-1. Zigoli zonse zitatu zimene Flames inapeza pa mpikisanowo zinali zake. Amene amakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga ayenera kuvomereza kuti pali madenga ena amene amagwa mutu umodzi ukachokapo. Anthu sali ngati njerwa zoti ukachotsa iyi n'kuikapo iyo khoma likhala chimodzimodzi.

Komabe Billiat amene malume amamuitana m'mawu awo si munthu wamoyo. Ndi Billiat wa tsiku lake labwino koposa, wosatopa, wosavulala, amene mpira uliwonse ukamufika umakalowa. Billiat weniweni analipo ku Gabon mu 2017, ndipo Zimbabwe inabwerako ndi pointi imodzi. Analipo ku Egypt mu 2019, anagoletsa pa masewera a Uganda, ndipo timu inabweranso ndi pointi imodzi, itathiridwa 4-0 ndi DR Congo. Ku Cameroon, kumene kunalibe iye, inapeza mapointi 3. Sindikunena kuti kusowa kwake kunathandiza, ayi. Ndikungoti wosewera amene palibe saphonya. Amene ali m'bwalo timamuona akuterereka, akuchedwa, akuponya kunja, pamene wosowayo timamukumbukira ndi zigoli zake zokha. Mlandu wotere wopezekayo sangaupambane.

Vuto lachiwiri ndi lozama kuposa limeneli, ndipo ndinalizindikira nditakhala pansi ndi mapointi a gulu lija. Senegal inatha ndi 5, Guinea 4, Malawi 4, Zimbabwe 3. Pa masewera atatu onse Senegal inagoletsa chigoli chimodzi chokha, penate ya Sadio Mané m'mphindi zoonjezera pa masewera ake ndi Zimbabwe, mpira utagunda mkono wa Kelvin Madzongwe. Ndi Guinea komanso ndi Malawi inalepherana 0-0. Tsono chotsani penate ija, zina zonse muzisiye momwe zinalili. Senegal itsala ndi mapointi 3 pansi pa gulu, matimu enawo ali ndi 4 aliyense, ndipo timu imene inakanyamula chikho pa 6 Febuluwale ikukwera ndege kubwerera ku Dakar isanafike n'komwe mundime yachiwiri. Ndinasangalala nazo kwambiri masamu amenewa, mpaka ndinawauza anzanga kangapo ngati nzeru yanga yaikulu.

Koma mawu akuti "zina zonse muzisiye momwe zinalili" ndi bodza. Senegal yokhala ndi pointi imodzi sikanasewera ndi Guinea mofatsa monga inachitira ili ndi atatu. Zimbabwe yokhala ndi pointi m'thumba ikanalowa m'bwalo la Bafoussam ndi mtima wina. Ndipo Warriors ija inagonjetsa Guinea 2-1 inali itatuluka kale, ikusewera mopanda mantha a munthu amene alibe choluza. Ukasuntha chinthu chimodzi, zinzake zonse zimasunthira limodzi. N'chimodzimodzi ndi Billiat. Kuti alowe, wina atuluke, ndipo mphunzitsi Norman Mapeza akanayala timu yake mwanjira ina. Ndani akudziwa ngati wotulukayo sakanakhala Wadi, mwini chigoli chimene chinatidumphitsa tonse? Otchinga kumbuyo a Malawi nawo akanakonzeka mosiyana. Dziko limene muli Billiat si dziko lathu lomweli loonjezerapo munthu mmodzi. Ndi dziko lina, limene palibe anapitako.

Chichewa chathu chimatipusitsa pang'ono pamenepa. Timati "akanabwera, bwenzi titapambana", ndipo chiganizocho chimayenda bwino ngati chikunena za dzulo lenileni. Sichitikakamiza kunena kuti mwina. Chimene munthu angathe kunena moona mtima n'chakuti wosewera wabwino amakweza mwayi, monga mbewu yabwino imakweza mwayi wa mlimi, koma sichititsa mvula kugwa.

Nanga ngati funsoli lilibe yankho lolimba, n'chifukwa chiyani timalikakamira chonchi? Chegutu Pirates italowa mu ligi yaikulu mu 2024 n'kutsikanso chaka chomwecho, ndinamva mawu omwewa m'makombi a ku Chegutu: akanagula wosewera kutsogolo mmodzi yekha wodziwa golo, bwenzi ikadali m'mwamba. Ndikuganiza kuti dzina la munthu mmodzi n'lopepuka kunyamula. Miyezi iwiri masewera a ku Cameroon asanayambe, bungwe la boma la Sports and Recreation Commission linaimitsa akuluakulu a ZIFA. Mu Febuluwale 2022 FIFA inaletsa Zimbabwe kusewera mpira wa mayiko, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu Julayi 2023. Pa masewera odzigulira malo ku World Cup mu 2021, Warriors inasewera kasanu ndi kamodzi osapambana ngakhale kamodzi, Billiat ali m'gulu. Marvelous Nakamba ndi Marshall Munetsi anali ovulala. Zinthu izi n'zambiri, n'zotopetsa, ndipo zilibe nkhope yoti uilozere chala. Kunena kuti "Billiat" kumatha msanga, ndipo kumasiya chiyembekezo choti nthendayo inali yaing'ono.

Apa ndi pamene nkhani imasiya kukhala ya mpira wokha. Mawu akuti "uje akanakhalapo" ali ndi mnzake amene sitimutchula mokweza, wakuti "iwe ukanapanda kukhalapo". Tikamakweza wosowayo timakhala tikuweruza amene anavala jezi tsiku limenelo. Madzongwe anachita chimene osewera apakati onse amachita, kudziponya patsogolo pa mpira kuti usafike pagolo. Ukanamugunda pachifuwa, bwenzi tikumutcha ngwazi. Unagunda mkono. Anthu oganiza mozama monga Bernard Williams ndi Thomas Nagel analemba za chinthu chomwechi m'ma 1970, kuti timayamika ndi kudzudzula anthu potengera mmene zinthu zathera, pamene mathero ake sanali m'manja mwawo. Ife timadziwa kuti si chilungamo, koma timachitabe, ndipo ine ndemwe ndinatukwana kanema tsiku lija.

Sindikuti funsoli tilitaye. Lili ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo ndi masewera asanachitike. Mhango anapita ku Cameroon asakupatsidwa mpata wokwanira ku Orlando Pirates, ngakhale kuti mu 2019/20 anali mmodzi mwa awiri ogoletsa kwambiri mu ligi ya South Africa ndi zigoli 16. Wina anayenera kudzifunsa kuti, munthu amene akukhala pabenchiyu tikamudalira zitithera bwanji? Limenelo ndi funso lomweli la malume, koma lofunsidwa ndi munthu amene adzayankhe mlandu akalakwitsa. Likafunsidwa masewera atatha, wofunsayo saluza kanthu.

Chaka chatha ndinawauza malume zonsezi, mapointi ndi zaka zomwe. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anasintha nkhani, kapena ndinaganiza kuti asintha. Anati bambo awo, agogo anga, anasunga sutikesi pansi pa bedi zaka zambiri, akunena kuti chaka chamawa abwerera kumudzi. Anamwalira ku Chakari ndipo anaikidwa konkuno. "Akanapita, mphwanga, bwenzi ine ndili ndi munda wanga. Sibwenzi ndikutchedwa mubhurandaya, sibwenzi chitupa changa chitalembedwa kuti ndine mlendo m'dziko limene ndinabadwira."

Yankho ndinali nalo lokonzeka, lomwe lija la Senegal. Agogo akanabwerera sakanakumana ndi agogo aakazi, ndipo sipakanakhala malume oti alime mundawo, ngakhale ine wowatsutsa. Mundawo ndi Billiat wina, wosagwa chilala, wopanda mkangano wa malire. Koma sindinanene. Ndinaona kuti iwo sanali kundipatsa mfundo yoti ndiiyese ngati ili yoona. Ankanditchulira chimene chinawasowa, ndipo analibe njira ina yochitchulira koma imeneyi. Tinakhala chete kanthawi, kenaka anandifunsa ngati Mhango akuseweradi mpaka pano, ndi kuti ali timu iti.