Kodi Chizolowezi Ndi Ukapolo?

Pali funso lakale limene anthu anzeru akhala akutsutsana nalo, ndilo lakuti: kodi chizolowezi chimamanga munthu, kapena chimammasula? Achinyamata ambiri amayankha msanga kuti chimamanga, pakuti wochita zinthu mwachizolowezi afanana ndi ng'ombe ya pangolo yodziwa njira ya kuchigayo popanda kuiganizira. Koma mlandu umenewu uweruzika bwino munthu akapenyetsetsa mnyamata amene wayamba kuphunzira gitala, chifukwa pamenepo chizolowezi chimabadwira poyera, m'zala, aliyense akuona.

Gitala ili ndi nsambo zisanu ndi imodzi, ndipo kawirikawiri zimakungidwa pa mawu awa: E, A, D, G, B ndi E. Dzanja lamanzere limapanikiza nsambo pakhosi pa gitala kuti mawu atatu kapena oposerapo alire pamodzi mogwirizana. Ndicho chimene mabuku a nyimbo amatcha chord, koma anyamata ambiri amangoti kiyi. Kiyi ya C imapangidwa ndi mawu a C, E ndi G. Wodziwa makiyi atatu okha, G, C ndi D, akhoza kuperekeza nyimbo zochuluka ndithu. Poyamba nsonga za zala zimawawa, mwina kutulutsa matuza, kufikira khungu litakhuthala. Komabe ululu si ndiwo chopinga chachikulu ayi. Chovuta ndi kuchoka pa kiyi ina kunka pa inzake, pakuti nyimbo siyembekeza munthu. Wophunzira amaima, napenya zala zake, naziika chimodzichimodzi, ndipo pamene iye wafika, oimba pakamwa apita kale.

Tsono apa ndi pofunsa: mfulu ndani? Amene sanaphunzire angathe kuika zala paliponse pamene afuna, palibe lamulo lomletsa. Koma nyimbo imene ili mumtima mwake sangathe kuitulutsa. Mnzake uja anadzimanga miyezi yambiri, kubwereza kusintha kumodzi kambirimbiri, lero zala zake zimapita zokha, ndipo maganizo ake amasuka kuti aimbe mawu, amvere anzake, ngakhale kupeka nyimbo yatsopano. Ufulu woyamba uli ngati wa munthu wosowa kopita, amene njira zonse zili chimodzimodzi kwa iye. Wachiwiri ndiwo ufulu wa kuchita chimene munthu wasankha, ndipo unagulidwa ndi chizolowezi.

Aristotle, mphunzitsi wa ku Greece amene anamwalira m'chaka cha 322 Khristu asanabadwe, anatenga chitsanzo chomwechi cha oimba zeze wa kwawo pofotokoza za makhalidwe, ndipo Thomas Aquinas anamtsata m'zaka za m'ma 1200. Onse awiri anaphunzitsa kuti chilungamo ndi kudziletsa sizilowa mwa munthu pakumva kokha, koma pakuzichita kawirikawiri. Koma Aristotle anaonanso chinthu china chimene okonda kulangiza ana amachiiwala: kubwereza komweko kumene kumapanga woimba wabwino ndiko kumapanganso woimba woipa. Zala sizidziwa kusankha. Zimasunga chimene zapatsidwa. Mnyamata amene chala chake chimakhudza nsambo yoyandikana nichititsa kuti isalire, akabwereza chomwecho chaka chathunthu, waphunzira bwino lomwe kulakwa. Wina amazolowera kupuma pang'ono asanasinthe kiyi, mpaka khutu lake lileka kumva kuti pali mpata. Winanso amathawa kiyi ya F, imene mkombaphala ayenera kugona pa nsambo zonse, nasankha nyimbo zokhazo zosaifuna, kenaka nanena kuti nyimbo zinazo n'zosakoma. Uyu ndiye womvetsa chisoni koposa, chifukwa wasandutsa kulephera kwake kukhala chiweruzo, monga amachitira munthu amene chilungamo chamkanika nayamba kunena kuti olungama onse ndi onyenga.

Kotero mawu akuti khama lipindula ndi oona theka lokha. Khama lifuna khutu lomva, ndiponso munthu wina wonena mosabisa kuti apa mwaphonya; paja safunsa anadya phula.

Alipo ena otsutsa kuti: ngati zala ziyenda zokha, ulemu wa woimba uli pati? Ndipo ngati munthu anena zoona chifukwa anazolowera, asiyana bwanji ndi makina? Funso limeneli si lachibwana. Yankho lake lioneka pamene chizolowezi chathyoka. Django Reinhardt, wobadwira ku Belgium mu 1910, anapsa ndi moto m'ngolo imene ankagonamo pafupi ndi Paris mu 1928, ndipo zala ziwiri za dzanja lake lamanzere, chachinayi ndi chaching'ono, zinapuwala. Makina akathyoka dzino amaima. Iye anapeza kagwiridwe kena kodalira mkombaphala ndi chala chapakati, ndipo mu 1934 anayambitsa gulu la Quintette du Hot Club de France pamodzi ndi Stéphane Grappelli. Chimene chinapsa ndi njira ya zala. Chimene chinatsala ndi munthu wodziwa mawu amene akuwafuna. Chizolowezi chinali wantchito wake, osati mbuye wake.

Chomwecho zithunzi za m'mabuku zosonyeza poika zala n'zothandiza, koma si ndizo lamulo lenileni. Elizabeth Cotten wa ku North Carolina, pokhala wamanzere, ankagwira gitala chadodolido, nsambo zazikulu zili pansi, ndipo ankaimba mokoma. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene Gerhard Kubik anayamba kujambula nyimbo zake mu 1967, anali ndi kaimbidwe kakekake kosachokera m'buku. Onsewa anasiya chithunzi, koma palibe mmodzi anasiya kugwirizana kwa mawu kapena kayendedwe ka nyimbo. Wosiya chithunzi chifukwa khutu lamuuza njira ina asiyana kutali ndi wochisiya chifukwa cha ulesi, ngakhale onse awiri anena kuti atsata mtima wawo.

Watsala munthu uja anazolowera molakwa zaka zambiri. Ntchito yake iposa ya woyamba kumene, pakuti woyamba alimbana ndi umbuli wokha, pamene iye alimbana ndi luso lake lomwe. Ayenera kuimba pang'onopang'ono kuposa mwana, kupenyanso zala zimene anasiya kuzipenya kalekale, ndi kulola kuti kwa kanthawi aimbe moipa kuposa dzulo, pamaso pa anthu amene ankamutama. Ambiri amaleka pomwepa, osati chifukwa cha zala, koma chifukwa cha manyazi. Amene apirira amapeza kuti njira yakale siifa msanga: nyimbo ikafulumira, kapena mantha akamgwira pagulu, zala zimathawira komwe zinazolowera, ndipo ayenera kuzibweza mawa lake, nsambo imodzi ndi imodzi.