Pakamwa pa Chambo

Kuno kumapiri a Dedza, m'mawa mumazizira ngakhale m'chilimwe.

Tikatsetsereka ku Golomoti mpaka kunyanja ya Malawi, asodzi amapumitsa makoka kuyambira pa 1 Novembala. Ndi nyengo yoti chambo chiswane.

Chambo chachikazi chimafungatira mazira m'kamwa. Akaswa, tiana timakhalabe momwemo, mayiyo osadya kwenikweni. Tikayamba kutuluka, choopsa chikabwera, timathawiranso kwa mayi wawo.

Taganizirani pang'ono.

Pakamwa pomwe pangathe kumeza, pangathenso kuteteza.

Lero mukumana ndi mwana, mnansi, kapena mayi wogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu. Mawu anu akhale pothawira pawo. Alankhuleni mofatsa, ndipo tsiku likuyendereni bwino.