Chifundo ndi Ndalama za Eni Ake

Tikamva kuti banki yaikulu ya ku Sandton yapeza phindu la mabiliyoni sitidabwa, poti ndiyo ntchito yake. Koma tikamva kuti kagulu kosunga ndalama ka amayi a ku Soweto, kapena ka Amalawi okhala ku Yeoville ndi ku Rosettenville, kakana kukongoza membala amene ali pamavuto, mtima umatiwawa. Timafunsa kuti, kodi si ndife amodzi? Funsoli ndi lomveka, ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu. Kodi banki imene idakhazikitsidwa kuti ithandize anthu wamba ili ndi ufulu wofuna phindu, wolipiritsa chiwongoladzanja ndiponso wokana m'bale?

Tiyambe ndi kukumbukira kuti banki, yaikulu kapena yaing'ono, imakongoza ndalama za eni ake. Mayi wogulitsa tomato pamsewu wa Rockey akasungitsa R500, ndalamayo sigona m'bokosi kudikira tsiku limene adzaifune. Imaperekedwa kwa wina kuti agulire katundu wa bizinesi yake, ndipo mayiyo amangotsala ndi lonjezo. Tsono tiyerekeze kuti gulu lakongoza anthu khumi R1,000 aliyense, kuti adzabweze ndi R100 pamwamba. Anthu asanu ndi anayi akabweza, mmodzi n'kuthawa, m'bokosi mubwera R9,900 pomwe mudatuluka R10,000. Munthu mmodzi yekhayo wadya phindu lonse la anzake, n'kulumanso mpamba. Apa n'kuona kuti phindu la banki ya anthu wamba lili ngati chimanga chotsala m'nkhokwe: ndicho chimakwirira dzenje la ngongole zosabwezedwa, kulipira mlembi, ndi kupangitsa kuti lonjezo lija likwaniritsidwe tsiku limene mayi uja adzabwere ndi kabuku kake.

Mzinda wa Johannesburg ukuidziwa bwino nkhani imeneyi. M'zaka za tsankho, mabanki a azungu sankakongoza munthu wakuda mosavuta, popeza malamulo sankamulola kukhala ndi malo m'tauni amene akadapereka ngati chikole. Anthu adadzithandiza okha ndi magulu a stokvel, amene kwathu timati chipereganyu, komanso magulu osonkherana za maliro. Mu 1988 Andrew Lukhele adayambitsa bungwe la NASASA loyimira magulu otere, ndipo bungweli limayerekeza kuti magulu a stokvel amasonkha ndalama pafupifupi R50 biliyoni pachaka. Amalonda achikuda nawo adakumana ku Orlando, ku Soweto, mu 1964 ndi kukhazikitsa bungwe la NAFCOC, ndipo kumeneko kudabadwa maloto a banki yawoyawo. Sam Motsuenyane ndi anzake adayenda m'dziko lonse kusonkhetsa R1 miliyoni imene inkafunika, mpaka African Bank idatsegula nthambi yake yoyamba ku Ga-Rankuwa mu 1975. Mabanki otere adabadwa kuchokera m'kunyozedwa, ndipo n'chifukwa chake anthu amawakonda ngati mwana wawo.

Chikondi chimenechi ndicho chidagwiritsidwa ntchito pobera anthu ku VBS Mutual Bank. Bankiyi idayamba mu 1982 ndi dzina loti Venda Building Society, ndipo kwa zaka zambiri inali kabanki kofatsa ka aphunzitsi, agogo olandira penshoni ndi magulu a maliro a ku Thohoyandou ndi madera ozungulira. Anthu ambiri adaimva koyamba mu 2016, pamene idakongoza Jacob Zuma R7.8 miliyoni zoti abwezere boma pa nkhani ya nyumba yake ya ku Nkandla. Pa nthawiyo akuluakulu ake ankayendetsa zinthu ali ku maofesi a ku Rivonia, mu Johannesburg, kutali ndi agogo aja. Ankapereka ziphuphu kwa akuluakulu a makhonsolo kuti asungitse ndalama za makhonsolo ku VBS, chonsecho lamulo silkalola makhonsolo kusunga ndalama m'banki yamtundu umenewo. Khonsolo ya Vhembe yokha idaikako pafupifupi R300 miliyoni, ndipo makhonsolo a West Rand ndi Merafong, oyandikana ndi Johannesburg, adaikakonso zawo. M'makompyuta a banki munkalembedwa ndalama zabodza zimene palibe adasungitsa, koma zotuluka zinali ndalama zenizeni.

Pa 11 March 2018 Banki Yaikulu ya South Africa idalanda chiwongolero cha VBS. Mu October chaka chomwecho, loya Terry Motau adatulutsa lipoti losonyeza kuti pafupifupi R1.9 biliyoni zidapita kwa anthu ndi makampani 53. Anthu okalamba ankagona panja pa nthambi ya ku Thohoyandou kudikira kuti atapeko kangachepe. Boma lidabwezera munthu aliyense mpaka R100,000 kudzera ku Nedbank, koma magulu a maliro amene adasunga zoposa pamenepo adatsala akulira, ndipo makhonsolo adasowa ndalama zokonzera madzi ndi misewu. Mu July 2024 yemwe anali wapampando wa bankiyo, Tshifhiwa Matodzi, adavomera milandu yake ndipo adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 15.

Wina anganene kuti uku kunali kuba basi, ndipo kuba sikufuna nzeru zakuya kuti tikutsutse. N'zoona. Komabe onani chimene chidateteza akubawo kwa nthawi yaitali. Pamene Banki Yaikulu idalowererapo, andale ena adakuwa kuti iyi ndi nkhondo yolimbana ndi banki ya anthu akuda. Dzina la "banki yathu" lidasanduka chishango, ndipo wofunsa za mabuku ankaoneka ngati mdani wa mtundu wake. Khalidwe limeneli tili nalo ngakhale m'timagulu tathu. Membala akaimirira n'kunena kuti, "A msungichuma, tiwerengereni ndalama pamaso pa onse," ena amamuyang'ana ngati watukwana. Timati munthu wamkulu ngati uyu, mkulu wa mpingo, mungamukayikire bwanji? Manyazi amenewa ndi amene amatsegulira mbala khomo. Msungichuma wokhulupirika amasangalala mabuku akafunsidwa, chifukwa ndiwo mboni yake.

Ku Malawi nako tidaona banki ya anthu ikufooka ndi ngongole zoperekedwa poyang'ana nkhope. Malawi Savings Bank, imene idachokera ku ntchito yosunga ndalama ya ku positi ofesi ndipo inkafika m'maboma ambiri akumidzi, idagulitsidwa kwa FDH mu 2015, boma litasenza ngongole zosabwezedwa za pafupifupi K6 biliyoni. Amene adalipira ngongolezo ndi okhoma msonkho, kuphatikizapo mlimi amene sadakongoleko ngakhale tambala.

M'nkhani zonsezi muli munthu mmodzi amene samakhalapo pamene ngongole ikukambidwa, ndiye mwini ndalama. Wopempha ngongole amabwera ndi nkhope yake, misozi yake, udindo wake kapena ubale wake. Wosungitsa ndalama ali kuntchito, akuchapa zovala za abwana ku Randburg kapena akulondera geti usiku ku Kempton Park, ndipo palibe womulankhulira kupatula lamulo la gulu. Msungichuma akamva chisoni n'kuphwanya lamulolo, iye amalandira mathokozo, koma wolipira chifundocho ndi wina amene sadafunsidwe. Kupatsa ndi khalidwe labwino ngati munthu ukupatsa chako. Ukamapatsa cha mnzako iye osadziwa, dzina lake ndi lina ngakhale mtima wako ukhale woyera.

Tisathamangire kunena kuti ndiye phindu ndi mfumu. African Bank, ija ya maloto a ku Orlando, ikutichenjeza za mbali inayi. Itadutsa m'mavuto ndi kusintha eni m'zaka za m'ma 1990, idakhala kampani yogulitsa masheya pamsika wa JSE, ndipo ntchito yake yaikulu idakhala kukongoza anthu olandira malipiro ochepa popanda chikole, pa chiwongoladzanja chokwera. Mu 2008 idagula masitolo a mipando a Ellerines, kumene anthu ankatenga katundu pangongole. Kwa zaka zingapo phindu linkaoneka lokoma. Koma okongolawo anali atalemedwa kale, ndipo mu 2013 bankiyi idavomera kulipira chindapusa cha R20 miliyoni pa nkhani yokongoza anthu mosasamala. Sitiraka ya miyezi isanu ya m'migodi ya platinum mu 2014 idawonjezera chiwerengero cha olephera kubweza. Pa 10 August 2014 Banki Yaikulu idalowererapo, ndipo African Bank idadzayambanso mwatsopano mu 2016. Banki imene inkayamwa anthu ake idapeza kuti yaumitsa chitsime chimene inkamwapo. Katapila wovala tayi amakhalabe katapila.

Choncho banki ya anthu wamba ingafe m'njira ziwiri. Ingafe chifukwa chopatsa okondedwa ndi amphamvu ndalama za osauka, ingafenso chifukwa chofinya osaukawo mpaka atauma. M'njira zonse ziwiri oyendetsa banki amakhala ataiwala kuti wosungitsa ndi wokongola ndi anthu a mudzi umodzi, ndipo kawirikawiri ndi munthu yemweyo pa miyezi yosiyana. Muyeso wa phindu loyenera uli pamenepa. Likhale lokwanira kuteteza ndalama za wosungitsa pa chaka choipa, lisapitirire pamene wokongola angathe kubweza akudyabe ndi ana ake, ndipo potsiriza libwerere kwa eni ake. Ngongole yabwino ndi imene imasiya wokongola ali bwino kuposa m'mene idamupezera. Kukongoza munthu amene ukudziwa kuti sangabweze ndi kumukumbira mbuna, ndipo nthawi zina "ayi" wa lero amamupulumutsa ku manyazi a chaka chamawa.

Komabe funso la umunthu lidakalipo. Mmalawi akamwalira ku Joni, thupi lake liyenera kupita kumudzi kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, ndipo ulendo umenewo umafuna ndalama zambiri. Ambiri mwa abale athu alibe mapepala amene mabanki amafuna potsegula akaunti, ndiye gulu ndilo banki yawo yokha. Kodi mkazi wamasiye akabwera, timuwerengere malamulo? Anthu ena amayankha msanga ndi mwambi woti chifundo chidapha nkhwali. Mwambiwu ndi wochenjeza za njoka, ndipo wamasiye si njoka. Gulu limene lingamubweze chimanjamanja lataya chifukwa chimene lidakhazikitsidwira.

Yankho labwino lidapezedwa kale ndi amayi a banki m'khonde. Njira imeneyi, imene bungwe la CARE lidayamba ku Niger mu 1991 ndipo idafala m'midzi ya Malawi, imasiyanitsa matumba awiri. Thumba lina ndi la masheya ndi ngongole: munthu amakongola molingana ndi zimene adasunga, kawirikawiri osapitirira katatu, ndipo amabweza ndi chiwongoladzanja. Thumba lina ndi la ngozi, limene aliyense amaponyamo kangachepe pa msonkhano uliwonse, ndipo ndilo limathandiza pa maliro ndi matenda. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo ndalama zimawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Pakutha pa chaka amagawana zonse, phindu lomwe, molingana ndi masheya a aliyense. Nzeru ya amayiwa ndi yoti chifundo adachipatsa thumba lakelake, limene onse adavomereza, kuti chisamadye mbewu. Maloko atatu aja sanyoza munthu aliyense. Amateteza msungichuma tsiku limene mlamu wake adzabwere usiku ndi nkhani yomvetsa chisoni, chifukwa angathe kuyankha zoona kuti, "Alamu, kiyi wanga yekha satsegula."

Nanga amene adakongola mwachilungamo, kenako katundu wake n'kuwotchedwa, monga zidachitikira alendo ambiri mu 2008 pa zipolowe zimene zidayambira ku Alexandra, kapena ntchito n'kumuthera? Iyeyu ayenera kumveredwa. Gulu lingamutalikitsire nthawi, lingamuchotsere chiwongoladzanja, lingamukhululukire ngongole yonse. Chofunika n'chakuti okhululuka akhale eni ndalama, atakhala pansi onse, atamva kuti aliyense ataya zingati, n'kuvomera. Pamenepo chifundo chimakhala chenicheni chifukwa opatsa akudziwa mtengo wake. Ndipo gulu lokhalo limene lidasunga phindu m'zaka zabwino ndi limene lingathe kukhululuka chotere popanda kugwa. Gulu limene lidakana chiwongoladzanja ponena kuti ndife abale limapezeka lilibe chopatsa m'baleyo tsiku la tsoka.

Kuyambira April 2024 South Africa ili ndi bungwe la Corporation for Deposit Insurance, limene limateteza ndalama za wosungitsa mpaka R100,000 banki yolembetsedwa ikagwa. Ichi ndi chinthu chabwino chimene chidadza pambuyo pa misozi ya ku Thohoyandou. Koma bokosi la gulu limene lili kunsi kwa bedi m'chipinda cha lendi ku Hillbrow silidziwika kwa bungwe limeneli. Chitetezo chake ndi mamembala okha: amene amabweza pa tsiku lake, amene amalimba mtima kufunsa mabuku, ndi msungichuma amene amalolera kutchedwa wouma mtima kwa sabata imodzi kuti December akafika aliyense alandire zake zonse, atumizeko kumudzi zogulira feteleza.