PHUNZIRO 23: YOSEFE ATENGA ANA AKE KUKAONA AGOGO AO

Powerenga: Genesis 48:1-20 ndi 2 Samueli 19:31-37.

Vesi loloweza: Levitiko 19:32. Mulilembe pa bolodi ana asanalowe.

Cholinga: Ana adziwe kuti kukaona okalamba akali ndi moyo ndi mbali ya lamulo lachisanu, ndi kuti wopita kwa nkhalamba amabwerako ndi zambiri koposa zimene ananyamula.

MAU KWA APHUNZITSI

Aphunzitsi okondedwa, mumzinda muno mwalowa mwambo umene makolo athu sanali kuudziwa, wokumbukira tsiku limene munthu anabadwa. Unayambira pa ana, koma tsopano mabanja ambiri akuchitiranso okalamba. Mayi akamakwanitsa zaka 80 ana amaimbirana foni, nasonkha ndalama. Tsiku likafika wa ku Lilongwe atsikira pa Wenela, wa ku Joni alowera pa Mwanza, wa ku Chilomoni akwera minibasi kufika ku Limbe, nasinthira ya ku Bangwe. Ana ena a m'kalasi mwanu anapitako ku maphwando otere. Ena anasiyidwa pakhomo chifukwa makolo anati ndalama yokwerera ingokwanira akulu okha.

Pali abale amene amakayika ngati Mkhristu ayenera kuchita phwando lotere. Amati m'Baibulo masiku obadwa otchulidwa poyera ndi awiri okha, ndipo onse awiri anathera ku mwazi: la Farao, pamene anapachika mkulu wa ophika mkate (Genesis 40:20-22), ndi la Herode, pamene anadula mutu wa Yohane Mbatizi (Marko 6:21-28). Nzoona. Koma taonani kuti mafumu awiriwa anadzikonzera okha maphwando kuti anthu aone ukulu wao. Ana osonkhana kwa mai wao wokalamba kukayamika Mulungu chifukwa cha zaka zimene anawapatsa akuchita chinthu china ndithu.

Ndipo tsiku lenilenilo lisatidetse nkhawa. Okalamba ambiri sadziwa tsiku lao lobadwa. Pa kalembera wa zitupa za unzika mu 2017 ambiri anachita kuwerengera zaka zao poyerekeza ndi njala kapena nkhondo. Ngakhale Dr H. Kamuzu Banda, amene tsiku lake lobadwa linaikidwa pa 14 May, boma linkati anabadwa mu 1906 pamene olemba mbiri ambiri amati cha m'ma 1898. Banja lingathe kungosankha Loweruka limodzi ndi kunena kuti ili ndi tsiku la agogo. Nkhani yathu yagona pa kupitako.

NKHANI YA M'BAIBULO

Kumbutsani ana mwachidule za Yosefe. Anagulitsidwa ali ndi zaka 17, anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, ndipo atate wake anadzafika ku Aigupto zitapita zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu ndi ziwiri za njala. Tikawerengera tipeza zaka 22 za kusaonana. Dzina la depoti ya Wenela limatikumbutsa za amuna athu ambiri amene analembedwa ntchito ya ku migodi ya ku South Africa, ena mwa iwo nakhala machona osabweranso. Yosefe naye anali ngati mtchona, koma mosafuna. Yakobo anakhala ku Aigupto zaka 17, namwalira ali ndi zaka 147 (Genesis 47:28). Chotero Mulungu anambwezera zaka zofanana ndi zimene anakhala ndi mwana wakeyo ali mnyamata.

Yosefe anali wachiwiri kwa Farao, munthu wotanganidwa koposa aliyense wa ife. Atate wake anawakhazika ku Goseni kuti akhale pafupi naye. Komabe tiwerenga kuti anachita kuuzidwa ndi munthu wina kuti atate wake akudwala. Kukhala pafupi sikuonana. Alipo anthu amene amadutsa pa Chipembere Highway m'mawa ndi madzulo onse, kuchokera ku Blantyre kupita ku Limbe ndi kubwerera, koma chaka chimatha osapatukira ku Namiyango kumene kuli amai ao.

Atamva uthengawo Yosefe sanatume wantchito ndi thumba la tirigu, ngakhale kuti nkhokwe zonse za dziko zinali m'manja mwake. Ananyamuka yekha, natenga Manase ndi Efraimu. Apa ndi pamene muyenera kuima kanthawi. Anyamatawa anabadwa njala isanayambe, kotero anali a zaka pafupifupi 20. Anali ana a m'tauni, amai ao anali Mwaigupto, mwana wa wansembe. Agogo ao anali mbusa wa nkhosa, ntchito imene Aaigupto ankanyansidwa nayo. Kukanakhala kosavuta kwa Yosefe kunena kuti anyamata ali ndi zochita, ndingopita ndekha.

Yakobo atauzidwa kuti mwana wake ali m'njira anadzilimbitsa nakhala tsonga pakama. Sanamwe mankhwala ena, anangomva kuti Yosefe akubwera. Amai a Mvano amene amayendera odwala m'milaga amachidziwa bwino chimenechi: nkhalamba imene inakana phala m'mawa imapempha madzi osamba ikamva kuti kukubwera alendo.

Tsono ataona anyamata aja, Yakobo anafunsa kuti anali ana a yani. Baibulo litiuza chifukwa chake, kuti maso ake anali atachita khungu ndi ukalamba, choncho tisamnenere Yosefe mlandu umene Malembo sanamnenere. Koma funso limeneli litilase ife. Alipo agogo a maso abwinobwino amene amafunsa chimodzimodzi poona adzukulu ao, chifukwa anawaona komaliza ali kumbuyo. Alipo adzukulu amene sangathe kupereka moni m'chinenero cha agogo ao, kaya Chichewa, Chiyao kapena Chilomwe, namangoima chilili ndi kumwetulira ngati alendo. Mlanduwo si wa ana.

Onani tsono amene anapatsa mnzake mphatso tsiku limenelo. Sitiwerenga kuti Yosefe ananyamula kanthu. Koma nkhalamba yosaona ija inafotokozera anyamatawo za Mulungu amene anaonekera kwa iye ku Luzi. Inawauza za agogo ao aakazi, Rakele, amene anamwalira panjira naikidwa kufupi ndi Betelehemu. Inawafungatira, inawapsompsona, inavomereza kuti sinayembekeze kuonanso nkhope ya Yosefe koma Mulungu waionetsa ndi ana ake omwe. Pomaliza inawadalitsa m'dzina la Mulungu amene anaiweta moyo wake wonse. Wolemba kalata ya kwa Ahebri, posankha chinthu chimodzi chosonyeza chikhulupiriro cha Yakobo, anadumpha makwerero a ku Beteli ndi kulimbana kwa usiku kuja, nasankha tsiku limeneli la kudalitsa adzukulu (Ahebri 11:21). Anyamata aja akanatsala kunyumba bwenzi zonsezi zitawapita.

Musaiwale za manja opingasa. Yakobo anaika dzanja lamanja pa Efraimu, wamng'ono, ndipo Yosefe anayesa kulichotsa poganiza kuti atate wake asokonezeka. Nkhalamba inakana, pakuti inkadziwa chimene inali kuchita. Ife ophunzira sukulu timafulumira kukonza akulu pakamwa. Paja akale anati mau a akulu akoma akagonera.

PHWANDO LA YANI?

Nkhani yachiwiri njaifupi. Barizilai, mkulu wa zaka 80, anadyetsa mfumu Davide pamene inali kuthawa Abisalomu. Nkhondo itatha Davide anafuna kumtengera ku Yerusalemu kuti akamsamale kunyumba yachifumu. Mkuluyo anakana mwaulemu. Anati pakamwa pake sipamvanso kukoma kwa zakudya, makutu ake samvanso oimba, ndipo chimene afuna ndi kukafera kwao pafupi ndi manda a makolo ake. Davide sanamkakamize.

Pano pali phunziro kwa ife okonza maphwando. Timabwereka matenti ndi zimkuzamau, tigula keke wamkulu, tisoketsa yunifomu ya banja lonse, tijambulitsa zithunzi zokaika pa Facebook. Agogo tawakhazika pampando padzuwa, phokoso lili m'makutu, nyama yootcha sangathe kutafuna, ndipo dzuwa limalowa popanda ndi mmodzi yemwe amene wakhala nao pansi kucheza. Madzulo magalimoto anyamuka, atsala okha ndi mbale zosatsuka. Limenelo linali phwando lathu, agogo tinangowabwereka. Kukanakhala bwino kufunsa mwini tsiku chimene akufuna. Kawirikawiri yankho lake silidula: nsima yofewa ya ndiwo zimene amakonda, bulangete, magalasi a maso, nyimbo ziwiri za m'buku la Nyimbo za Mulungu, ndi adzukulu okhala pamphasa osafulumira kupita.

ZIMENE ZIMATILETSA

Choyamba ndi ndalama, ndipo tisachite ngati vutoli kulibe. Mtengo wa minibasi kwa banja la anthu asanu si wamasewera. Koma tiyeni tinene zoona pamaso pa Mulungu. Agogo omwewo akamwalira lero, mawa lole ipezeka, bokosi lipezeka, abwana apereka tchuthi, ndipo wa ku Joni amene sanabwere zaka zisanu afika mwambo usanayambe. Nkhata za maluwa zidzaza manda a munthu amene sanalandire paketi ya shuga chaka chonse. Kulira maliro nkoyenera, ndipo Yosefe anachitira atate wake maliro aakulu (Genesis 50). Koma iye anachita zonse ziwiri, ndipo anayamba ndi kuwaona ali moyo. Kutumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money nkwabwino, musaleke. Koma foni siingaike dzanja pamutu pa mwana.

Chachiwiri chimatikhudza ife a mumpingo makamaka. Ambuye Yesu anadzudzula Afarisi amene ankalola munthu kunena kuti chuma chake wachipereka kwa Mulungu, potero namasuka kusathandiza makolo ake (Marko 7:9-13). Ifenso tili ndi njira zathu. Loweruka lino kuli kwaya, la mawa kuli msonkhano wa achinyamata, lotsatira tikusonkha za chitukuko cha tchalitchi. Zonsezi nzabwino. Koma mphunzitsi amene sajomba ku Sande Sukulu pamene amai ake ku Chigumula sanamuone miyezi isanu ndi umodzi, ayambe wadzifunsa yekha asanaphunzitse phunziro lino.

Chachitatu ndi choopsa: mantha a ufiti. Ana ena amauzidwa kuti asadye kanthu kwa agogo, asagone kumeneko, chifukwa agogo amatamba. Mwana akadwala, ntchito ikatha, chala chimaloza nkhalamba. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi atawanenera ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la 1911 linaletsa kale kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Koma lamulo silingachotse mantha amene mwana anayamwira pakhomo. Okalamba ena amaiwala, amalankhula okha, amasochera usiku. Amenewo ndi matenda a ukalamba, ofunika chipatala ndi chifundo. Mwana akanena m'kalasi kuti agogo ake ndi mfiti, musamkalipire pamaso pa anzake, ndiponso musaseke. Lankhulani naye payekha, kenaka kauzeni mkulu wa mpingo wa dera lake kuti akacheze ndi makolo.

KAPHUNZITSIDWE

Yambani ndi kufunsa ana kuti ndani anaona agogo ake mwezi uno, ndani chaka chino. Chenjerani, pakuti m'kalasi muli ena amene agogo ao anamwalira, ndi enanso amasiye amene akuleredwa ndi agogo omwewo. Amenewa apatseni mpata anene zimene agogo amawachitira. Adzaphunzitsa anzao koposa inu.

Kwa ana aang'ono, chitani sewero. Mmodzi agone pamphasa ngati Yakobo, wina abwere ndi uthenga, Yakobo adzuke, anyamata awiri agwade, manja apingase. Pomwepo aphunzitseni kugwada popereka moni, kulandira ndi manja awiri, ndi kunena kuti "inu" kwa akulu.

Ana okulirapo muwerengere nao pa bolodi. Munthu amene anakwanitsa zaka 80 mu 2024 anabadwa mu 1944. Pa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri boma la Blantyre, anali ndi zaka 5. Pamene Atsamunda anamanga atsogoleri athu pa 3 Malichi 1959 anali ndi zaka 15. Pa 6 Julayi 1964, tsiku la ufulu, anali ndi zaka 20. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinatha kumangidwa mu 1891, anachipeza chili ndi zaka 53 zokha. Afunseni ana: munthu wotere, mukanakhala naye ola limodzi, mukanamfunsa chiyani? Lembani mafunso ao, ndipo muonjezepo limodzi ngati iwo salitchula: Agogo, Mulungu anakuthandizani liti pamene zinthu zinavuta?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Mwana aliyense akafunse makolo ake dzina lenileni la agogo ake, kumene akukhala, ndi tsiku limene banja lidzapite kukawaona. Makolo ena funsoli silidzawakondweretsa, koma lolani lifike. Amene alibe agogo, kapena agogo ao ali kutali, muwagawe awiriawiri, ndipo mogwirizana ndi amai a Mvano musankhe okalamba a mumpingo mwanu amene sathanso kufika ku tchalitchi. Mukapite nao Loweruka masana, osapitirira ana asanu ndi mmodzi pa nyumba imodzi. Anyamule kamtolo ka nkhuni kapena sopo, akasese pabwalo, akatunge madzi, akaimbe nyimbo imodzi. Musanatsanzike, pemphani mwini nyumba kuti ndiye apempherere anawo. Sabata ya mawa mupatule mphindi khumi zoyamba kuti ana anene zimene anamva.